Kumene Ababa Ankataya Madzi a Alendo

Ababa anga anakalamba akunyamula madzi amene anthu ena asamba. Ndikanena choncho anthu amayesa ndikuwanyoza, koma ayi, ndiyo ntchito imene ndinawaona akugwira kuyambira ndili wamng'ono mpaka nanenso nditabereka wanga. Ntchito imene anawalembera inali yoyang'anira msasa wa alendo m'paki, m'nkhalango yosungiramo nyama muja: kusesa, kutchetcha, kugawa nkhuni, kuthamangitsa anyani. Koma anzawo ankangowatchula kuti a Ndowa, ndipo dzinalo linawakanirira moti ngakhale amayi akapsa mtima ankati, "A Ndowa inu, mudzafera pachitunda pomwepo."

Msasawo unali pamalo athyathyathya, chitunda kumtunda kwake, kamtsinje kumunsi. Nyumba yathu, ya zipinda ziwiri, inali kuseri kwa geti. Alendo ankabwera ndi magalimoto awo, n'kukhoma matenti, kugona masiku angapo, n'kumapita. Chimbudzi chinalipo, kufupi ndi kwathu, mpope unalipo umodzi, koma bafa panalibe. Aliyense ankasamba panja. Ena ankabwera ndi thumba lakuda la pulasitiki, kulidzaza madzi, kuligoneka padzuwa kuti afunde, kenako kulikoloweka panthambi n'kuzinga nsalu m'mbali. Ena ankangotenga chidebe ndi kapu n'kukabisala kuseri kwa galimoto.

Lamulo la paki linali lakuti madzi a sopo asafike kumtsinje, chifukwa nyama zimamwa momwemo, ndipo achule ndi tinsomba sizipirira thovu. Lamulo labwino, sindikutsutsa. Munthu ankangoyenera kusamba patali ndi mtsinje, sopo pang'ono, madziwo n'kuwawaza pouma kuti nthaka iwamwe, osawakhuthula pamodzi n'kupanga chithaphwi choitana ntchentche ndi nguluwe. Basi, lamulo linathera pamenepo. Koma ababa anawonjezera zawo. Mlendo akangokhoma tenti, iwo afika kale ndi beseni lalikulu la malata, chipewa chili m'manja, akumupempha mwaulemu kuti posamba aziima m'besenimo. Akamaliza, ababa ankathira madziwo m'ndowa ziwiri kudzera pasefa, kuti tsitsi ndi tizidutswa ta sopo zitsale, n'kukwera nazo chitunda mpaka kupitirira nyumba yathu. Kumeneko ankawawaza pamiyala ndi kapu, pang'onopang'ono, ngati akuthirira mbewu. Madzi otsukira mbale, otsukira m'kamwa, onse ankadzera njira yomweyo. Dontho la madzi akuda silinkagwa pamsasa paja iwo akuona.

Ine zinkandichititsa manyazi, ndisaname. Munthu wamkulu, wa ndevu zake, kumadikira kuseri kwa nsalu kuti mlendo amalize kudzikhula! Manja awo anali ong'ambikang'ambika, ndipo tikakhala pakudya ankamveka fungo la sopo wa mitundumitundu amene m'nyumba mwathu sanalowemo. Kukabwera gulu lalikulu, la sukulu kapena la mpingo, ankakwera ndi kutsika chitunda chija kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, chakudya chikuzizira patebulo. Alonda a nyama, aja oyenda ndi mfuti, ankawaseka kuti lamulo amalikonda kuposa amene analilemba. Ababa ankangomwetulira, n'kunena kuti mlendo ndi mame, koma sopo wake amatsala.

Chifukwa chenicheni ndinachidziwa ndili mtsikana wamkulu kale. Tsiku lina m'mawa bambo wina, mlendo, atamaliza kusamba anaona kuti si bwino munthu wamkulu azimunyamulira litsiro lake. Mwa mtima wabwino ndithu, anakoka beseni n'kulikhuthula yekha paudzu, chakumunsi kwa msasa. Ine ndinali pomwepo, nditabweretsa tiyi wa ababa. Ababawo sanakalipe. Anangoponya ndowa pansi, n'kugwada, n'kuyamba kukokolola dothi lonyowalo ndi manja, thovu ndi udzu womwe, kuthira m'ndowa. Amati madzi akatayika sawoleka, koma tsiku limenelo ababa anayesa kuwaola. Mlendo uja anaima kakasi, thaulo lili m'khosi, akupepesa osadziwa chimene walakwa. Ine ndinasiya tiyi pansi n'kuthamangira kunyumba, ndikulira ndi ukali, kukauza amayi kuti amuna awo mutu sukuyendanso bwino.

Amayi anandiuza kuti nditseke pakamwa pangapo, ndikhale pansi. Anati pamsasa paja kale panali mudzi, paki isanabwere, ndipo ababa anabadwira pomwepo. Mayi awo anamwalira iwo ali aang'ono, asanayambe n'sukulu yomwe. Inali nthawi ya mvula, mtsinje unali utadzaza, manda anali kutsidya, ndiye anthu anangowaika kumapeto kwa mudzi, pansi pa mkuyu, pafupi ndi chulu. Sanaike mwala, sanalembe dzina. Ankati mvula ikatha adzakonza bwino, koma chaka chomwecho kunabwera malole kudzasamutsa mudzi wonse kuti malowo akhale a nyama. Agogo aamuna anakafera uko kumene anawapititsa, abale ena anamwazikana. Ababa atakula anabwerera kudzapempha ntchito iliyonse m'pakimo, ndipo anapeza pamudzi pawo pakugona alendo, mtumbira utafafanizika kale. Atafika pamenepo amayi anandifunsa ngati ine ndingalole kuti iwo akadzafa, munthu wachilendo azisambira pamwamba pawo. 

Poyamba nkhaniyo inali yaing'ono. Mkuyu unalipo, chulu chinalipo, ababa ankadziwa pamalo pake. Anangogoneka zipika ziwiri pamenepo n'kumauza alendo kuti pali linthumbu, asayandikire, ndipo bodza limenelo linagwira ntchito zaka zambiri. Koma nkhalango sisungira munthu zizindikiro. Mkuyu unagwa ndi mphepo. Moto wolusa unadzadya chitsa chake pamodzi ndi zipika zija, ababa ali kuchipatala ndi amayi, pobadwa ine. Atabwerako anapeza paliponse pali bii, phulusa lokhalokha. Ndiye inde, tsiku limene anapeza mwana ndi limene anayamba kutaya mayi awo. Chulu chinagumulidwa ndi chimakina chokonza msewu wolowera pamsasa. Kenako kunabwera madzi osefukira, mtsinje n'kusiya njira yake yakale n'kudzera pena.

Chizindikiro chikachoka, malo oletsedwa aja ankakula. Poyamba anali ongokwana mphasa imodzi, kenako bwalo la nyumba, kenako theka la msasa. Pamapeto pake ababa anakapeza beseni lija, chifukwa sakanathanso kulumbira kuti apa m'pabwino, apa ayi. Kuyenda pamwamba sankaletsa, kugona sankaletsa, ana kusewera mpira sankaletsa. Ankati mayi awo anali munthu wokonda alendo. Koma litsiro la m'thupi la munthu wina, limenelo ayi.

Ndinafunsa chifukwa chake ababa sanauze mabwana. Amayi anati ankaopa kuti awasamutsira kugeti lina, kutali, ponena kuti munthu wa maganizo otere sangasamale alendo. Koma chimene ankaopa kwambiri n'chakuti mabwanawo amva chisoni, aika chikwangwani ndi kampanda kokongola, alendo n'kumaima pamenepo kujambulitsa. Ankati mayi awo si mbidzi.

Kuyambira pamenepo ndinasiya kuchita nawo manyazi, koma kupsa mtima sindinasiye. Ndinkaona mapewa akugwa, mawondo akutupa, munthu akudzipha ndi ndowa dzuwa lili paliwombo chifukwa cha munthu amene nkhope yake sankayikumbuka n'komwe. Anandiuza okha kuti sankayikumbuka. Chimene chinatsala m'mutu mwawo chinali kutsokomola kwa mayiwo, ndi dzanja lozizira limene linkawagwira pankhongo powasambitsa. Masiku ena ankadzuka osafuna tiyi, n'kukhala pakhomo ali khuma. Ukawafunsa ankangoti abweranso. Ankalota mayi awo ataima pakati pa matenti, atapereka msana, nsalu yonse itanyowa, madzi akudontha m'zigongono, osalankhula kanthu. Tsiku loterolo ankazungulira msasa wonse atawerama, akugwiragwira dothi n'kumalinunkhiza, kufuna pamene wina wataya madzi mozemba. Ndipo nthawi zambiri ankapapezadi, poti alendo ndi anthu, ena beseni linkawachititsa manyazi.

Ine ndinapita kutauni, ndinaphunzira za tsitsi, ndipo lero ndili ndi kasaluni kanga. Muone mmene moyo umasekera munthu: nanenso ndimadyera kutsuka mitu ya eni. Kusiyana kwake n'kwakuti ine ndimangotsegula sinki, madzi n'kupita, kumene akupita sindifunsa. Amayi anadwalira kwa ine, anamwalira komweko, tinawaika kumanda a m'tauni, pamwala tinalembapo dzina. Ababa anabwera pamaliro, anagona masiku ochepa, n'kuyamba kulongedza. Ndinawafunsa pamaso pa anthu ngati mabeseni ali ofunika kuposa akazi awo amene dothi lawo silinaume n'komwe. Anandiyankha modekha kuti, "Awa sangasowe, mwana wanga. Ali ndi mwala." Atatero anakwera basi. Kuyambira pamenepo odziwa za pansi pa msasa paja tinatsala awiri, iwo ndi ine.

Chaka chatha kupaki kunabwera bwana watsopano, mayi wachitsikana, msinkhu wanga womwewu. Munthu wabwino, ndilibe naye mawu. Atawaona ababa akupumira pakati pa chitunda, ndowa zili pansi, dzanja lili pachifuwa, anati zimenezi zithe. Anakonza zoti pamsasa pamangidwe bafa lenileni, la njerwa, la mashawa, ndipo madzi ake azidzera m'paipi kupita m'dzenje lakuya lodzaza miyala, makala ndi mchenga, kuti azisefeka n'kulowa pansi asanafike kumtsinje. Nzeru yabwino, yothandiza mtsinje ndi msana wa ababa womwe. Koma madzi sakwera phiri. Dzenjelo linayenera kukhala kumunsi kwa bafa, m'kati mwa msasa momwemo. Ndipo pofuna kuwalemekeza, abwanawo anati malo a dzenje asankhe a Ndowa, poti nthaka imeneyi amaidziwa kuposa aliyense.

Ababa anandiyimbira foni okha, chinthu chimene sankachita, n'kungoti ndibwere. Ndinatseka saluni, mwana ndinasiya kwa apongozi, ndinanyamuka. Ndinawapeza ataonda, jekete ikulendewera m'mapewa. Sanandilole n'kukhala pansi komwe, anandigwira dzanja kupita nane pamsasa. Kunalibe alendo, anali atatseka chifukwa cha ntchitoyo, ndipo njerwa zinali zitaunjikidwa kale pafupi ndi mpope. Tinayenda uku ndi uku. Ankaima, kuyang'ana phiri, kutembenuka kumvetsera mtsinje, n'kunena kuti mkuyu unali apa. Tikasuntha pang'ono ankati ayi, mwina apo, poti nthawi imeneyo mtsinje unkamveka kumanzere. Kenako ananjuta pansi kuti afupike ngati mwana, ati mwina akaona malowo kuchokera m'munsi akumbukira. Ndinayang'ana nkhalamba ija itanjuta paudzu, maso atatsinzina. Dzuwa linali likuswa mtengo, mbalame zikulira bwinobwino, koma ine ndinayamba kuponda pansi mwamantha.

Ndinawauza kuti basi, chinsinsi chakwana, tipite kwa abwana tikanene zoona. Anandifunsa kuti abwanawo akati manda ali pati, ife tiloza pati? Tiwauze kuti asamange paliponse? Ndinati ndiye pumani ntchito, tiyeni kwathu kutauni, chipinda chilipo, zimene maso sakuona mtima sudandaula nazo. Anandiyang'ana ngati ndatukwana. Apo ndiye ndinayaka. Ndinawauza kuti akufa anafa, amoyo tikuwafunanso, mdzukulu wawo amawadziwira pafoni ngati munthu wa pawailesi. Ndinawauza kuti agogo amenewo, ngati anali munthu wabwino mmene amanenera, sakanalola mwana wawo athyoke msana chifukwa cha madzi. Anandisiya ndilankhule mpaka malovu anauma. Kenako anayenda pang'ono chakumunsi, anathyola kamtengo, anakazika pansi, n'kunena kuti dzenje likhala apa.

Kwa abwana anapempha chinthu chimodzi chokha, kuti chimakina chokumbira chisabwere, akumba okha. Abwana anakana poyamba, anati, "Bambo, ine ndikufuna kukuchotserani ntchito, osati kukuwonjezerani." Ababa anavula chipewa n'kunena kuti iyi ndi ntchito yawo yomaliza pamsasa pano, awalole. Mayi uja anawayang'ana nthawi yaitali, anandiyang'ananso ine. Sindikudziwa chimene anaona, koma anavomera, n'kungowapempha kuti asachedwe poti alendo anali atasungitsa kale malo a mwezi wotsatira.

Khasu analigwiritsa ntchito paudzu wapamwamba pokha. Dzenje litafika m'mawondo analiika pambali, n'kutenga mbale yakale ya malata. Ankapala dothi pang'onopang'ono, chibuma chilichonse n'kuchifikisa ndi zala asanachiponye m'chidebe. Ine ndinali pamwamba, kukoka chidebe ndi chingwe, zikhadabo zanga za kusaluni zikuthyoka chimodzichimodzi. Amisiri omanga bafa ankabwera kudzasuzumira, n'kumaseka kuti agogo akufuna golide. Ndinawauza mawu awiri atatu amene sindingawabwereze pano, ndipo sanabwerenso. Makasitomala anga ankaimba foni kufunsa ngati saluni ndagulitsa. Ndinazimitsa foniyo.

Masiku amenewo ababa ankadya bwino, ndinadabwa. M'mawa uliwonse ankameta ndevu, kuvala malaya ochapa, ngati akupita kukaonekera kwa munthu wamkulu, chonsecho akukalowa m'dzenje. Ndinawaseka kuti kodi pansipo mwapezako chibwenzi? Anaseka nawo pang'ono, n'kunena kuti ndili ndi pakamwa ngati mayi anga.

Ine ndinkayesa ndikumvetsa zimene tikuchita. Ndinkati ababa asankha malo amene akukhulupirira kuti palibe kanthu, ndipo akukumba mosamala kuti mtima ukhale m'malo. Ndiye chidebe chilichonse chikatuluka ndi dothi lokhalokha, ndinkathokoza Mulungu chamumtima. Tsiku lina anatulutsa phale la mphika, lakuda ndi mwaye. Analipukuta ndi malaya, analiyang'ana mbali zonse, n'kuliika m'thumba. Tsiku linanso mbale inagunda chinthu choyera, chopindika. Ababa anaika mbale pambali. Ine pamwamba ndinangokhala pansi pamulu wa dothi. Anachifukula ndi chala chimodzi, mwaulemu, nthawi yaitali, mpaka chinaoneka kuti ndi muzu wouma. Ine ndinapuma mokweza. Iwo anakhala ataugwira muzuwo ngati sakufuna kuusiya.

Anakumba kupyola msinkhu wawo, moti ndinkangoona imvi za paliwombo. Kenako mbale inayamba kulira pathanthwe. Anasesa pansi ponse ndi manja, ngodya zonse, koma unali mwala wokhawokha, panalibenso pokumba. Anali masana, ndipo kugeti kunkamveka lole imene inabweretsa miyala yodzathira m'dzenjemo.

Mtima wanga unakhala pansi. Ndinagwada m'mphepete, ndikuseka ndi misozi yomwe, ndinati, "Mwaona, ababa? Sali pano. Munasankha bwino. Tulukani tsopano, zatha."

Sanayang'ane kumwamba. Anali ataima pakati pa dzenje, manja ali lende, dothi lili mbuu mpaka m'nsidze.

"Sindinasankhe poti palibe," anatero. "Ndinasankha pano chifukwa m'pamene mtima wanga unkati ali. Zaka zonsezi ndikamadutsa pano ndimapereka moni. Ndimati ndiwapeze ndekha, ndiwanyamule, ndikawagoneke pamtunda pouma madzi asanabwere."



Anatembenuka pang'onopang'ono, kuyang'ana makoma a dzenjelo. Anaika chikhatho pakhoma limodzi, kenako pa lina, mmene umagwirira mwana pamphumi poona ngati watentha thupi. Ndinadziwa chimene ankaganiza. Madzi onse a alendo, a chaka chino ndi a zaka zonse zikubwerazi, adzalowa m'makoma amenewo n'kuyenda pansi kumene afuna, ndipo palibe amene angawatsate. Lole ija inali itafika kumbuyo kwanga, dalaivala akuliza hutala kuti ndichoke panjira.

"Mwina ali apa pomwe," anatero ababa, dzanja lidakali pakhoma. "Mwina ndawaphonya ndi chikhatho chimodzi chokha."

Ndinawaponyera chingwe kuti akwere. Sanachigwire. Anawerama, anatola mbale ija, n'kuyamba kupala khoma.